Kalembedwe ka ziganizo zoonetsa tanthauzo la mawu a kulephera ndi a mmene zinthu zilili

Funso loti mupange chiganizo poonetsa kuti mukudziwa tanthauzo la mawu limaoneka lophweka, koma ophunzira ambiri amatayirapo malikisi, kuyambira ku pulayimale mpaka pa mayeso a MSCE. Akapatsidwa mawu oti *kulephera* amalemba kuti "Iye walephera." Akapatsidwa *kukanika* amalemba kuti "Iye wakanika." Malamulo a chiyankhulo sanaphwanyidwe, koma wochonga sangadziwe ngati mwanayo akusiyanitsa mawu awiriwa. Vuto lomweli limagwiranso aphunzitsi polemba zitsanzo pa bolodi, omasulira zikalata, ndi makolo okhala ku Joni kapena ku London amene akufuna kuti ana awo asataye chiyankhulo.

Mawu onena za kulephera ndi onena za mmene munthu kapena chinthu chilili ndi amene amavuta kwambiri, chifukwa amayandikana matanthauzo. Chiganizo chachitsanzo chimakhala chabwino ngati mawu amene mukuonetsawo sangachotsedwe n'kulowetsapo anzake popanda tanthauzo kusokonekera. Malangizo onse ali m'munsiwa akutsata mfundo imeneyi.

## Zofunika kukhala nazo

- Kope ndi cholembera. Gawani tsamba pawiri: kumanzere mawu, kumanja ziganizo.
- Mtanthauziramawu. Wa Chinyanja wokonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba ndi wothandiza chifukwa umamasulira mawu m'chiyankhulo chomwechi.
- Zolemba za Chichewa za tsiku ndi tsiku, monga tsamba la Tamvani mu Weekend Nation, ndiponso nkhani za pa wailesi ya MBC kapena Zodiak.
- Kapepala kophimbira mawu.
- Munthu wina wodziwa Chichewa amene sanaone zimene mwalemba. Ameneyu musamusiye, ntchito yake ili pa gawo 8.

## Ndondomeko yake

### 1. Yambani ndi kumvetsera

Musanalembe chiganizo chanuchanu, tolani za eni ake. Imani pa chigayo tsiku limene sichikuyenda. Mayi wafika ndi thumba la mphale pamutu, wogayitsa akumuuza kuti, "Lero sitigaya mayi, lamba waduka." Wina pamzere akuti, "Dzulonso zinakanika, magetsi anazima tsiku lonse." Wachitatu akudandaula kuti ufa watha kunyumba, ana agona ndi njala. Pa mphindi zochepa mwapeza *kuduka*, *kukanika*, *kuzima* ndi *kutha*, chilichonse pamalo pake. Lembani monga mwamvera, osakonza. Kwa okonza njinga, pa mjigo ndi pa mzere wa kuchipatala mupezanso zambiri.

### 2. Ikani mawu m'mabanja

Liwu limodzi palokha silioneka malire ake. Lembani pamodzi ndi abale ake:

- kulephera, kulephereka, kulepheretsa
- kukanika, kukana, kutheka
- kulakwa, kulakwitsa, kulakwika, kulakwira
- kugwa, kugwetsa, kugonja
- kuswa, kuswedwa, kusweka

Ngakhale mwafunsidwa chiganizo cha liwu limodzi, yang'anani banja lonse, chifukwa abale akewo ndi amene chiganizo chanu chiyenera kuwatsekera kunja.

### 3. Funsani kuti walephera ndani, munthu kapena chinthu

Apa m'pamene pagona nkhani, choncho musathamange.

*Kulephera* kumafuna amene amayenera kuchita chinthu koma sanachichite. Pambuyo pake pamabwera chimene chalepherekacho:

- Mlongo wanga walephera mayeso a Fomu 4, ndiye abwereza chaka chamawa.
- Amalume alephera kubwera ku chinkhoswe chifukwa kwawo kwagwa maliro.

*Kulephereka* kumagwera chochitikacho, munthu saonekamo:

- Msonkhano wa makolo walephereka chifukwa mvula yagwa kuyambira m'mawa.

*Kulepheretsa* kumatchula chimene chatsekereza:

- Mvula yalepheretsa msonkhano wa makolo.

Chenjezo: musalembe kuti "Msonkhano walephera" pamene mukutanthauza kuti sunachitike. Msonkhano sunayese kuchita kanthu. Walephereka.

*Kukanika* ndi kumene kumasokoneza ambiri, chifukwa polankhula kumalowerana ndi *kulephera*. Munthu akhoza kunena kuti "ndalephera kunyamula" kapena "ndakanika kunyamula" ndipo onse amumva. Komabe kusiyana kulipo. Mu *kukanika* muli kuyesa: munthu wagwirapo, walimbana nacho, chinthucho sichinalole. Amalume aja sanalimbane ndi chinkhoswe, anangotsekerezedwa ndi maliro, n'chifukwa chake *kulephera* kukuwayenera. Kuti chiganizo cha *kukanika* chimveke, kuyesako kuonekere:

- Tinakankha galimoto anthu asanu koma inakanika kutuluka m'matope.
- Thumba la feteleza landikanika, bwerani mudzandisenzetse.
- Nkhani ya malire a munda yakanika kwa a mfumu, tsopano apita nayo kwa a gulupu.

Onani chachiwiricho: thumba ndilo mwininkhani, munthu walowa m'kati mwa mneni ngati *-ndi-*. Kamangidwe kameneka *kulephera* sikukalola, simunganene kuti "thumba landilephera" potanthauza zomwezi. Ngati mukufuna chiganizo chimene wochonga sangachikayikire, gwiritsani ntchito *chandikanika*, *zamukanika*, *watikanika*.

*Kukana* nakonso kumanenedwa pa zinthu, monga "Galimoto yakana kulira m'mawa uno," koma tanthauzo lake loyamba ndi la munthu wosavomera. Mukalemba chitsanzo cha makina, onjezerani china cha munthu.

### 4. Siyanitsani banja la kulakwa

- Walakwa mayeso, dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa okhoza.
- Walakwitsa samu yachitatu yokha, zina zonse wakhoza.
- Pokonza njingayi china chake chalakwika, mabuleki sakugwira.
- Ndakulakwirani bambo, ndinatenga khasu lanu osapempha.

Choyamba ndi kulephera mayeso onse, chachiwiri ndi kuphonya pamalo amodzi, chachitatu sichiloza munthu chala, chachinayi chili ndi wolakwiridwa ndipo chimayenda ndi kupepesa. *Kugonja* kumafuna mdani kapena mpikisano: "Timu ya sukulu yathu yagonja ndi zigoli 2 kwa 1." Pamsewu anthu amati yaluza, ndipo palibe cholakwika pocheza, koma pa mayeso lembani *yagonja*.

### 5. Sankhani ngati wochita aonekere kapena abisike

Mabuku a sukulu amasiyanitsa msintho wochitidwa poyera ndi wochitidwa m'chibisira. Woyambawo uli ndi *-idwa* kapena *-edwa* ndipo umalola kutchula wochita. Wachiwiriwo uli ndi *-ika* kapena *-eka* ndipo umangonena mmene chinthu chakhalira.

- Mbale yaswedwa ndi mwana amene amatsuka.
- Mbale yasweka, tidyera m'mbale ina.

Kuti musalakwitse mphatikiri posankha pakati pa *-ika* ndi *-eka*, yang'anani lembo la liwu la mu tsinde. Likakhala *e* kapena *o* mumaika *-eka*: tseka, tsekeka, wononga, wonongeka. Likakhala *a*, *i* kapena *u* mumaika *-ika*: ng'amba, ng'ambika, pinda, pindika, taya, tayika. Aneni aafupi amatenga *-eka*: swa, sweka, mva, mveka, tha, theka. Ambiri othera ndi *-ula* kapena *-ola* amangosintha *l* kukhala *k*: dula, duka, thyola, thyoka, boola, booka, gumula, gumuka, kokolola, kokoloka.

Chenjezo: musaphatikize wochita wa munthu ku mneni wa m'chibisira. "Mbale yasweka ndi mwana" sichimveka. Chimene chimaloledwa ndi mphamvu yopanda cholinga monga mphepo kapena madzi: "Denga la tchalitchi lasasuka ndi mphepo." Za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 mukhoza kulemba njira ziwiri, zonse zolondola: "Madzi anakokolola milatho m'maboma a Phalombe ndi Mulanje," kapena "Milatho inakokoloka m'maboma a Phalombe ndi Mulanje." Choyamba chikuonetsa *kukokolola*, chachiwiri *kukokoloka*. Musapereke chimodzi pamene mwafunsidwa chinzake.

Kusankhaku kumasinthanso amene nkhani ikumuloza. "Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti" chikunena za ndalamayo. "Mu Novembala 2023 banki yaikulu inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti" chikunena za amene anaigwetsa. Olemba nkhani ayenera kudziwa chimene asankha.

Msintho wa *-ika* kapena *-eka* uja ulinso ndi tanthauzo lachiwiri, la kutheka kwa chinthu, ndipo mokana umanena za kulephera mosatchula munthu:

- Msewu wa kumudzi sukudutsika dzinja lino, minibasi zikubwerera panjira.
- Kalatayi inanyowa, sikuwerengeka.
- Madzi a pachitsimechi ndi osamweka, ali ndi mchere.

### 6. Sankhani nthawi ya mneni mosamala

Aneni ambiri onena za mmene munthu kapena chinthu chilili pakalipano satenga *-ku-*. Amatenga *-a-*, ngati kuti chinthucho chachitika kale ndipo zotsatira zake ndi zimene tikuziona. Munthu wotopa amati "ndatopa." Akati "ndikutopa" ndiye kuti kutopako kukubwera kumene, kapena kukumachitikachitika. Lembani ziganizo ziwiriziwiri kuti kusiyanaku kuoneke:

- Nthochi zapsa, mukhoza kudya. / Nthochi zikupsa, dikirani masiku awiri.
- Mwana wagona, musasokose. / Mwana akugona ndi agogo ake sabata ino.
- Mlendo wakhala pampando. / Mlendo amakhala ku Ndirande.
- Wavala yunifolomu, akhoza kunyamuka. / Akuvala yunifolomu, mudikireni panja.
- Tayala laphwa, njinga siyenda. / Tayala likuphwa pang'onopang'ono, pali pobooka.

Chimodzimodzi ndakhuta, wakwiya, zakwana, madzi atha, ndiwo zasasa, chimanga chafota.

Chenjezo: lamuloli silikwanira aneni onse. *Kudwala* kumayenda mwina. "Agogo akudwala" ndiye mmene alili panopa, pamene "Agogo adwala usiku" akunena za kuyamba kwa matendawo. Mutu nawo timati ukundipweteka. Mneni aliyense muyeseni payekha ndi khutu, musangothira *-a-* paliponse.

Palinso *-li*, amene amanyamula zambiri zotere: ali ndi njala, ali pa ulova, ali m'mavuto, ali bwino. Pofuna kuonetsa kuti zinthu sizinasinthe kwa nthawi yaitali, Chichewa chili ndi kamangidwe kokoma kamene ophunzira sakagwiritsa ntchito mokwanira polemba:

- Bambo ali chigonere m'chipatala chichitireni ngozi ija.
- Nyumba ili chiimire yopanda denga, ndalama za malata zinatha.

Samalaninso ndi *-na-* kapena *-da-*. Munthu akati "Mjigo unawonongeka," womvera amatenga kuti mpaka lero ndi wowonongeka. Polankhula, kukweza kapena kukoka mawu kumatha kusonyeza kuti zinasintha pambuyo pake, koma papepala kamvekedwe sikalembedwa. Choncho nenani poyera: "Mjigo unawonongeka chaka chatha koma anaukonza mu Juni," kapena "Mjigo unawonongeka, mpaka pano tikutunga kumtsinje."

### 7. Onjezerani chifukwa kapena zotsatira

Tengani chiganizo chowuma chija muchimange pang'onopang'ono. Tiyese ndi *kutopa*.

"Iye watopa." Mukaphimba mneni, pangalowe *wafika*, *wadya*, *wathawa*, chilichonse. Chotsani *iye* muikepo munthu weniweni: "Mlimi watopa." Pakadali mpata waukulu. Onjezerani chifukwa: "Mlimi watopa chifukwa walima kuyambira m'bandakucha." Tsopano *wadya* ndi *wathawa* atuluka, koma *wadwala* kapena *wakwiya* angalowebe. Onjezerani zotsatira: "Mlimi watopa ndi kulima kuyambira m'bandakucha, wakhala pansi pa mtengo kuti apume." Mawu oti *apume* ndi amene atseka chitseko. Apa imani, musaonjezere dzina la mudzi, mtundu wa mtengo kapena zina zosathandiza tanthauzo.

Kawirikawiri chifukwa chimodzi kapena chotsatira chimodzi chimakwana. Ine ndimakonda chotsatira kuposa chifukwa, chifukwa chimaonetsa chinthu chooneka ndi maso: ndowa yabooka, madzi akudontha, mpini wathyoka, sitilima lero, mayunitsi atha, foni yaduka tili pakati polankhula.

### 8. Yesani ndi kapepala

Phimbani mawu amene mukuonetsawo, mupatse mnzanu uja awerenge, anene mawu osowawo. Akatchula omwewo kapena ofanana nawo ndendende, chiganizo chakhoza. Akatchula m'bale wake wa m'banja lija, monga *walephera* pamene munalemba *wakanika*, bwererani ku gawo 3 muonetse kuyesa kuja. Akangoti "pangalowe zambiri," bwererani ku gawo 7.

Chenjezo: musamuuze mutu wa ntchitoyo, ndipo musamuthandize ndi nkhope. Mukadziyesa nokha mudzakhoza nthawi zonse chifukwa yankho muli nalo kale m'mutu.

### 9. Lembaninso mokana

Liwu simunalidziwe ngati simutha kulikanitsa. Mneni wa *-a-* akakanidwa amatenga *-na-* ndipo amathera ndi *e*:

- Ndatopa. / Sindinatope, tiyeni tipitirize.
- Nthochi zapsa. / Nthochi sizinapse, zikadali zaziwisi.
- Chilonda chapola. / Chilonda sichinapole, akumangabe bandeji.

*Kutheka* kokanidwa ndi njira imene anthu amanenera za kulephera mwaulemu, ndipo kuli ndi masinthidwe ofunika kuwasiyanitsa:

- Ndinafuna kukuyenderani Lamlungu koma sizinatheke.
- Tikuyesa kutumiza ndalama pafoni koma sizikutheka, netiweki yavuta.
- Kukolola matumba 50 pa kamunda aka sizingatheke.

### 10. Zining'a ndi mvekero zibwere pomaliza

Mukatha mawu wamba, onjezerani zining'a: kugwa mphwayi, kugwira njakata, kusowa mtengo wogwira, kubwerako chimanjamanja. Lamulo lake n'lomwe lija, chiganizo chionetse tanthauzo lobisikalo: "Anapita ku tauni kukafuna ganyu koma wabwerako chimanjamanja, alibe ndi ya sopo yomwe." Mvekero imalimbitsa chithunzi: nthaka yauma gwa, ndowa yadzaza tho, pamudzi pali zii. Mvekero imodzi pa chiganizo ndi yokwanira.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kumasulira m'malo mogwiritsa ntchito. "Kulephera ndi kusakhoza" ndi tanthauzo. Mwafunsidwa chiganizo chimene liwulo likugwira ntchito.

Kuyamba ndi *iye*, *icho* kapena *zimenezi*. Alowam'malo sapatsa wowerenga pogwira. Tchulani munthu kapena chinthu.

Kuphonya mgwirizano wa dzina ndi mneni. Khasu laguluka, makasu aguluka. Chingwe chaduka, zingwe zaduka. Mtengo wagwa, mitengo yagwa. Kamwana kadwala, tiana tadwala. Cholakwikachi chimachuluka dzina likatalikirana ndi mneni wake, choncho werengani mokweza.

Kusintha liwu lofunsidwa. Mwapatsidwa *kuthyoka* inu n'kulemba "Mwana wathyola nthambi." Chiganizo n'chabwino, koma chayankha funso lina.

Kubwereza tanthauzo kawiri. "Walephera kusakhoza mayeso" kapena "Zakanika kusatheka" zimatembenuza nkhani. Kukana kuli kale m'kati mwa *kulephera* ndi *kukanika*.

Kusokoneza *ndi* ndi mneni wa chochitika. Ichi ndi chimene chimandikhudza kwambiri, chifukwa chimapitirira malikisi. "Mwanayu walephera masamu" chikunena za tsiku limodzi ndi phunziro limodzi. "Mwanayu ndi wolephera" chikumumata dzina loti ayende nalo. N'chimodzimodzi "wachita ulesi lero" ndi "ndi waulesi," kapena "akudwala" ndi "ndi wodwaladwala." Ziganizo za pa bolodi ana amazikopera m'makope n'kumaziwerenga chaka chonse, ndipo ena mwa iwo akubwereza kalasi. Aphunzitsi, ngati mukufuna kuonetsa *wolephera*, lembani za chinthu chodziwika malire ake, monga "Olephera mayeso oyendetsa galimoto amaloledwa kulembanso." Dzina la mwana wa m'kalasimo, kapena la mtundu wa anthu, lisalowe m'chitsanzo cha kulephera, ulesi kapena matenda.

Kuiwala ulemu pa nkhani zowawa. Foni yafa, mbuzi yafa, koma munthu wamwalira kapena watisiya. Mayi ndi woyembekezera. Munthu wamkulu amatenga *a-* waulemu ngakhale ali mmodzi: "Agogo atopa ndi ulendo, ayalireni mphasa apume."